Mlandu suwola, koma wovulala sadikira

Palibe malo ena m'Malawi kumene anthu osadziwana amatukwanizana mosavuta ngati pamsewu. Munthu amene kwawo amalandira mlendo ndi manja awiri, amene pamaliro amavula chipewa ndi kukhala pansi mwaulemu, akangogwira chiwongolero amasanduka wina. Pakamwa pake pamatuluka mawu amene sangayerekeze kuwanena pamaso pa apongozi ake. M'zaka zaposachedwapa, mawu ambiri otere akhala akuponyedwa pakati pa magulu awiri: oyendetsa galimoto ndi anyamata a kabaza wa njinga zamoto.

Aliyense woyenda mumsewu wa Malangalanga ku Lilongwe, wa Masauko Chipembere ku Blantyre, kapena wodutsa m'misika ya m'mbali mwa M1 monga pa Jenda, pa Mponela ndi pa Lizulu, amadziwa mmene zimayambira. Njinga imalowa mwadzidzidzi pakati pa galimoto ziwiri, hutala amalira, dalaivala amatulutsa mutu pazenera n'kufuula kuti, "Iwe, ukufuna undipalamulitse mlandu?" Wakabaza naye amacheuka n'kuyankha kuti, "Kodi msewuwu ndi wa bambo anu?" Masiku ambiri zimathera pomwepo, aliyense n'kupitiriza ulendo wake mtima ukuwira. Koma limafika tsiku limene chitsulo chimakhudza chitsulo, munthu n'kugwa pansi, ndipo mawu aja amabala zibakera, miyala, mwinanso moto.

Nkhaniyi ikafika pa wailesi kapena pabwalo la bawo, anthu amagawikana msanga. Ena amati akabaza ndi anthu osamva, osadziwa malamulo, oyenera kuchotsedwa m'misewu. Ena amati eni galimoto ndi odzikuza, amaona wapanjinga ngati nkhuku yodutsa msewu. Mbali zonse ziwiri zili ndi umboni wokwanira. Koma m'kukangana konseku muli munthu mmodzi amene satchulidwa: uja wagona paphula, mwendo utapindika, magazi akutuluka, pamene khamu lamuzungulira likufunsana kuti wolakwa ndani. Kawirikawiri munthuyo sadali kuyendetsa chilichonse. Ndi mayi amene amapita kukaoda tomato, mwana wasukulu, kapena mlimi amene wabwera m'tauni kudzafunsa mtengo wa feteleza. Mkwiyo wa pamsewu umamudyera munthu ameneyu nthawi, ndipo nthawiyo ndiyo moyo wake.

Mnyamata wa panjinga

Kabaza adayamba ndi njinga zakapalasa, zija zokhala ndi kampando kofewa kumbuyo. Njinga zamoto zidayamba kuchuluka chapakati pa zaka za m'ma 2010, pamene njinga zotsikirako mtengo zopangidwa ku China ndi ku India zidafika m'misika ya kuno. Zomwezi zachitikanso ku Chipata m'dziko la Zambia ndi m'boma la Angonia ku Mozambique. Njingazi zidapeza manja ambiri ozidikira. Kalembera wa 2018 adapeza kuti Malawi idali ndi anthu 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka adali ana osakwana zaka 18. Ana amenewo akukula chaka ndi chaka, pamene minda sikukula ndipo ntchito zolembedwa n'zochepa.

Mbiri ya anyamata ambiri a kabaza imafanana. Mnyamata amamaliza Folomu 4, kapena amalekezera panjira chifukwa cha fizi. Munda wa makolo ake ndi maekala awiri, ndipo abale oyembekezera kugawana mundawo alipo asanu. Chaka chimene soya kapena fodya wachita bwino, banja limasonkha ndalama n'kumugulira njinga. Kopanda apo amabwereka njinga kwa bwana wina, mwina mphunzitsi kapena mwini golosale, pamgwirizano woti madzulo aliwonse azikapereka ndalama yakutiyakuti, kaya tsikulo kudali okwera kaya kudalibe. Mafuta ndi ake, kukonzetsa tayala likaphulika n'kwake. Zimene zatsala pamenepo ndizo za ufa, sopo ndi lendi.

Kuyendetsa amaphunzirira pabwalo la mpira, masana awiri, mnzake atakhala kumbuyo. Amadziwa kusintha magiya ndi kuponda buleki, basi. Palibe amene adamuuza kuti dalaivala wa lole yaitali sangamuone akakhala pafupi ndi matayala a kumanzere, kapena kuti lole ikamakhota, matayala a m'mbuyo amadula njira kuposa a kutsogolo. Sukulu yoyendetsa imafuna ndalama, laisensi imafuna ndalama, kulembetsa njinga ku nthambi yoona za pamsewu kumafuna ndalama ndi ulendo wa kumzinda. Iye amasankha kudya lero.

Komabe kumudzi njinga yomweyi ndi dalitso limene palibe angalikane. Anthu 84 mwa 100 aliwonse m'Malawi amakhala kumudzi, malinga ndi kalembera yemwe uja, ndipo midzi yambiri minibasi siifika, makamaka nthawi yadzinja. Mayi woyembekezera matenda akamuyamba pakati pa usiku, amene amadzutsidwa ndi wakabaza. Matumba a feteleza amafika kumunda panjinga, madengu a tomato ndi zigubu za mkaka zimafika kumsika panjinga. Ngakhale alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo amadalira njinga yamoto kuti afikire anthu awo. Mnyamata amene m'tauni akutchedwa chigawenga cha pamsewu, kwawo amatchedwa mpulumutsi, ndipo maina onse awiriwa amawamva tsiku limodzi.

Munthu wa pachiwongolero

Dalaivala naye ali ndi dandaulo lake, ndipo si labodza. Iye adalipira sukulu, adalemba mayeso, chaka chilichonse amalipira inshuwalansi ndi chiphaso chosonyeza kuti galimoto yake ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Apolisi akamuimitsa amamufunsa mapepala onsewo. Ali chiimire pomwepo, njinga yopanda nambala imadutsa itanyamula anthu atatu ndi mbuzi, onse mitu ili pamtunda. Mumtima mwake mumamera funso lakuti: kodi lamulo lidalembedwera ine ndekha?

Chachiwiri ndi mantha. M'Malawi galimoto zimayenda kumanzere ndipo wofuna kupitirira mnzake amadutsa kumanja. Dalaivala adaphunzira kuyang'ana kumeneko. Koma njinga imatulukira kumanzere, pomwe iye akufuna kukhota, nthawi zina usiku ilibe nyali yakumbuyo. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi, mtunda woposa minibasi zitatu zondondozana, ndipo sekondi imeneyo imatha phazi lisanafike n'komwe pa buleki. Munthu amene wangotsala pang'ono kupha mnzake amanjenjemera, ndipo kwa amuna ambiri kunjenjemera kumatuluka ngati kutukwana.

Chodabwitsa n'chakuti adani aakulu pamsewu, woyendetsa minibasi ndi wakabaza, akudwala matenda amodzi. Onse awiri ali ndi bwana amene akudikira ndalama madzulo. Onse awiri amadziwa kuti wokwera mmodzi akawaphonya, ndiwo zamadzulo zachepa. Akulimbirana anthu omwewo pa siteji yomweyo, ndipo wa minibasi amakumbukira bwino masiku amene anthu onsewo adali ake. Mavuto a zachuma adathira mchere pabala. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya mafuta ndi zipangizo zonse zochokera kunja idakwera. Kalilole wa galimoto wothyoledwa ndi chogwirira cha njinga adasanduka nkhani ya malipiro a masiku ambiri. M'mizere ya mafuta ya 2022 ndi 2024, eni galimoto ankagona pamalo omwetsera mafuta n'kumaona njinga zikulowera kutsogolo, ndipo ankanena kuti ena mwa anyamatawo akukagulitsa mafutawo m'zigubu pamtengo wokwera. Akabaza nawo ankati iwo tsiku limodzi lopanda mafuta ndi tsiku logona ndi njala.

Pansi pa zonsezi pali chinthu chimene sichitchulidwa poyera: kunyozana. Wakabaza amadziwa mmene ena a m'galimoto amamuonera. Amadziwa akamakankhidwira kunja kwa phula, kumene m'mphepete mudadyeka n'kusanduka chiphompho chaching'ono. Amadziwa akamathiridwa matope ndi galimoto imene sinafune kuchepetsa liwiro, akamatsekuliridwa chitseko kutsogolo kwake ngati palibe munthu akubwera. Mawu akuti "mbuli iwe" amamupweteka kuposa hutala, chifukwa amakhudza sukulu imene sadaimalize. Motero anthu awiriwa akamakumana pa mphambano, aliyense amakhala atasenza kale mtolo wake. Kugundana kwa zitsulo kumangomasula chingwe.

Mantha obala mantha

Ngozi ikangochitika, njinga zimasonkhana ngati njuchi. Mphindi zochepa zokha, pamalopo pamakhala anyamata ochuluka, ambiri mwa iwo osaona n'komwe chimene chachitika. Umodzi umenewu uli ndi chiyambi chabwino. Akabaza amaberedwa njinga, ndipo ena aphedwa usiku ndi anthu amene adadzionetsa ngati okwera. Mnzawo akamwalira amasonkha za bokosi, akagonekedwa m'chipatala amasonkha za phala. Adaphunzira kuti wowathamangira pamavuto ndi mnzawo wa pa siteji. Koma gulu lothamangira kukathandiza likafika ndi mkwiyo, silifunsa mafunso. Limangoona njinga ili pansi ndi galimoto ili chiimire, mlandu n'kugamulidwa.

Apa ndi pamene pali msampha umene wakola mbali zonse ziwiri. Dalaivala adamvapo za anzake amene adamenyedwa kapena kuotcheredwa galimoto, choncho akagunda wapanjinga, mtima umamuuza kuti athawe. Akabaza adaonapo anzawo akusiyidwa pamsewu ndi galimoto zothawa, choncho akamva kugunda, mtima umawauza kuti athamangitse ndi kugwira munthuyo asanazimiririke. Dalaivala amathawa chifukwa gulu limamenya, gulu limamenya chifukwa madalaivala amathawa. Aliyense akachita mbali yake amatsimikizira mnzake kuti mantha ake adali oona.

Palinso chifukwa china chimene anthu a mapepala okwanira sachiganizira. Mwini galimoto akalakwiridwa ali ndi kopita: ku polisi, ku kampani ya inshuwalansi, ku khoti. Mnyamata wopanda laisensi, wa njinga yosalembetsa, amaopa kuti akangofika ku polisi njingayo ikatsalira komweko, ngakhale wolakwa pangoziyo atakhala wina. Munthu amene akudziona kuti ali kunja kwa lamulo sayembekezera kuti lamulo limuweruzire. Amafuna chilungamo chake pomwepo, dzuwa lisanalowe: ndalama m'manja, kapena chibakera. N'chifukwa chake kulembetsa njinga ndi kupeza laisensi si nkhani ya msonkho wa boma chabe. Ndi khomo lolowera m'bwalo la milandu, ndipo amene ali ndi khomo limenelo sasowa mwala.

Mayiko ena adafika kale kumene msamphawu umathera. Mu Malichi 2022, mumzinda wa Nairobi ku Kenya, mayi wina woyendetsa galimoto adachita ngozi ndi wa njinga yamoto mumsewu wa Wangari Maathai. Gulu la oyendetsa njinga, amene kumeneko amatchedwa boda boda, lidamuzinga, kumuchitira chipongwe ndi kumung'ambira zovala ali m'galimoto yake. Kanema wa nkhanzayo adafalikira dziko lonse, ndipo Uhuru Kenyatta, amene adali mtsogoleri wa dzikolo panthawiyo, adalamula kuti apolisi achitepo kanthu ndi kuti oyendetsa njinga onse alembetsedwe mwatsopano. Anyamata ambiri osalakwa adalandidwa njinga m'masiku otsatirawo chifukwa cha zochita za ochepa. Ku Lagos, m'dziko la Nigeria, boma lidaletsa njinga zamoto zonyamula anthu m'madera asanu ndi limodzi a mzindawo kuyambira mu Juni 2022. Mzinda wa Kigali ku Rwanda udatsata njira ina: woyendetsa amavala chovala chokhala ndi nambala, amanyamula munthu mmodzi, ndipo onse awiri amavala zipewa zoteteza mutu. Kuletseratu njinga kungakhale kulanga mayi woyembekezera wa kumudzi chifukwa cha ndewu ya m'tauni. Phunziro la ku Kigali ndi lakuti munthu wodziwika dzina ndi nambala amayendetsa mosamala, ndipo saponya mwala mwachisawawa.

Mphindi zimene zimatayika

Thupi la munthu wamkulu lili ndi magazi okwana pafupifupi malita 5. Fupa la ntchafu likathyoka, munthu angathe kutaya magazi oposa lita imodzi m'kati mwa mwendo, kunja osaoneka kanthu. Wovulala m'mutu angathe kudzuka, kulankhula bwinobwino, kenaka n'kukomoka magazi ataunjikana m'kati mwa chigaza. Anthu otere chimene akufuna ndi kufika msanga m'manja mwa achipatala. Koma pamalo a ngozi pamene pabuka ndewu, galimoto imene ikadawanyamula ndi yomwe ikuphwanyidwa magalasi, dalaivala amene akadawathamangitsira kuchipatala wathawa kapena akumenyedwa, ndipo oyendetsa galimoto ena akaona khamu ndi miyala amakweza magalasi n'kudutsa.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, mu lipoti lake la 2023, lidati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni adafa pa ngozi zapamsewu m'chaka cha 2021, ndipo oposa theka adali oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto. Poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, Africa ndiyo idali patsogolo pa imfazi ngakhale ili ndi galimoto zochepa. Bungweli limanenanso kuti ngozi zapamsewu ndizo zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. M'Malawi, madokotala a mafupa m'zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre akhala akudandaula poyera za kuchuluka kwa odwala ovulala pa njinga za kabaza.

Kwa mlimi, mwendo wothyoka uli ndi kalendala yake. Wothyoka mu Novembala sadzala, wothyoka mu Januwale sapalira. Mkazi kapena mlongo wake amasiya munda kukakhala naye kuchipatala, mbuzi zimagulitsidwa kuti papezeke ndalama yoyendera, ndipo njala ya chaka chamawa imayambira pa mphambano ya m'tauni. Kumbali inayo, mnyamata amene adaponya mwala kapena kuyatsa machesi amayankha mlandu wowononga katundu, wovulaza, mwinanso wopha munthu. Amapita kundende chifukwa cha ngozi imene sadaione, yokhudza munthu amene mwina sankamudziwa dzina. Mabanja awiri kapena atatu amagwa tsiku limodzi, pamene nkhani yoyamba idali ya kalilole wosweka.

Kumasula msampha

Lamulo la pamsewu la 1997 limafuna kuti woyendetsa aliyense amene wachita ngozi aime ndi kukanena ku polisi, ndiponso kuti wokwera njinga yamoto avale chipewa choteteza mutu. Malamulo alipo. Chosowa ndi kukhulupirirana kokwanira kuti dalaivala aone kuti kuima n'kotetezeka, ndi kuti wakabaza aone kuti kudikira apolisi kuli ndi phindu. Kukhulupirirana kotere sikungachokere ku likulu. Kumamangidwa pa siteji imodzi imodzi, ndipo pamenepa ndi pamene ogwira ntchito zachitukuko m'madera ali ndi gawo.

Pafupifupi siteji iliyonse ya kabaza ili ndi wapampando ndi msungichuma, chifukwa anyamatawa amasonkha kale ndalama za maliro ndi matenda. Limeneli ndi gulu lokonzeka, longofuna womalankhula nalo. Mlangizi kapena membala wa komiti ya chitukuko cha m'mudzi angathe kukhala pansi ndi atsogoleriwa, pamodzi ndi amfumu, apolisi a m'deralo ndi oimira oyendetsa minibasi, n'kugwirizana zinthu zochepa zomveka. Siteji ikhale ndi kaundula wa maina ndi njinga, ndipo aliyense avale chovala cha nambala. Ngozi ikachitika, awiri athamangire wovulala, mmodzi aimbire apolisi, ndipo wapampando aime pafupi ndi dalaivala, kumuteteza ndi kuonetsetsa kuti sakuchoka. Woyamba kuponya mwala achotsedwe pa siteji. Mgwirizano wotere ukadziwika m'dera, madalaivala amayamba kuima.

Ndalama ya laisensi ndi ya zipewa ingathe kusonkhedwa monga momwe amayi amachitira m'mabanki m'khonde, mmodzi mmodzi mpaka onse atakwanira. Phindu la chipewa si lokayikitsa: WHO imati chipewa chabwino, chomangidwa bwino pachibwano, chingathe kuchepetsa chiopsezo cha kuvulala ubongo mpaka ndi 74 peresenti. Eni njinga nawo ayenera kuitanidwa ku zokambiranazi. Bwana amene amapereka njinga kwa mnyamata wosaphunzira kuyendetsa n'kumuikira ndalama yosatheka kuipeza popanda kuthamanga, dzanja lake lili pa ngoziyo ngakhale iye ali kunyumba.

Maphunziro a chithandizo choyamba, onga amene bungwe la Red Cross limapereka, angasandutse gulu lofika msanga lija kukhala gulu lopulumutsa. Mfundo zake si zovuta. Pamene pakutuluka magazi pamafunika kupsinja ndi nsalu yoyera. Munthu amene akudandaula khosi kapena msana asanyamulidwe mwachisawawa, ndipo mutu wake ugwiridwe kuti usagwedezeke. Chipewa chisavulidwe mokoka, pokhapokha ngati munthuyo akulephera kupuma. Mwendo wothyoka umangiriridwe ku thabwa kapena ndodo asanamusunthe. Wovulala kwambiri asapatsidwe madzi kapena chakudya, popeza mwina akafunika opaleshoni. Ndipo wothyoka ntchafu kapena wovulala msana asapanikizidwe pakati pa anthu awiri panjinga. Pamafunika galimoto, ngakhale ikhale yomwe yamugundayo.

Woyendetsa galimoto ali ndi zake zoti achite. Asiye mpata wokwanira podutsa njinga, ayang'ane kalilole wa kumanzere asanakhote kapena kutsekula chitseko, ndipo atukwanidwe osabwezera, pakuti kuthamanga sikufika ndipo kupambana pa kutukwana sikudamangepo nyumba ya munthu. Ngozi ikachitika, mawu ake oyamba ndiwo amatsekula kapena kutseka njira. Wotuluka m'galimoto n'kuthamangira kukaona pamene penti yakandika wadzikolezera yekha moto. Wotuluka n'kugwada pafupi ndi wagwayo, n'kunena kuti, "Pepani achimwene, mwapweteka pati? Tiyeni tithamangire kuchipatala," wawapatsa anthu ozungulira ntchito ina m'malo mwa ndewu. Ngati zafika poti moyo wake uli pachiswe, achoke n'kulunjika ku polisi yapafupi, osati kunyumba, kuti kuchoka kwake kusakhale kuthawa.

Wokwera naye ali ndi mphamvu imene saigwiritsa ntchito. Mlimi amene amakana kugula mbewu yosadziwika kumene yachokera angathenso kukana kukhala munthu wachitatu panjinga, kukana woyendetsa amene akununkha kachasu, ndi kunena kuti, "Achimwene, chepetsani liwiro, apo ayi nditsike." Phukusi la moyo umasunga wekha. Anyamata a pa siteji akaona kuti makasitomala akusankha wa chipewa ndi woyendetsa modekha, adzasintha msanga kuposa momwe angasinthire poopa chindapusa.

Anthu awiri amene amatukwanizana pa mphambano ndi oyandikana kuposa momwe amaganizira. Mayi wake wa dalaivala uja, kumudzi, amapita kuchipatala pa kabaza. Mwana wa wakabaza uja amapita kusukulu pa minibasi. Aliyense waika m'bale wake m'manja mwa mnzake, ndipo chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Makolo ankati mlandu suwola, kutanthauza kuti wolakwa adzayankha ngakhale papite nthawi. Mawu omwewo ali ndi chitonthozo kwa wolakwiridwa: palibe chifukwa chougamulira pamsewu, dzuwa likuswa mtengo, mtima uli m'mwamba. Nambala ya galimoto ingathe kulembedwa, mboni zingathe kupezeka, apolisi ndi makhoti adzakhalapo mawa ndi mkuja. Amene sangadikire mpaka mawa ndi uja wagona paphula. Anthu ofika pamalo a ngozi ayambe afunsa ngati akupuma. Za wolakwa zidzakambidwa iye ali pabedi la chipatala.